Chitsulo Chothera M'thupi: Mawu Ofotokozera Maginiziyamu wa Madokotala a Mafupa

Pali mawu ena obwereka amene amalowa m'chiyankhulo kudzera pa makomo angapo, ndipo amene ali pa khomo lina sadziwa kuti mlendo amene amulandira walowanso kwa anzawo. Dzina lakuti maginiziyamu ndi limodzi mwa mawu otere. Mphunzitsi wa za kadyedwe amalitchula powerenga michere imene thupi limafuna, yomwe imapezeka m'nyemba, mtedza ndi ndiwo zamasamba. Mzamba wa pa chipatala cha St Gabriel ku Namitete kapena cha Kabudula amalidziwa ngati mankhwala, pakuti maginiziyamu salufeti ndiye amene amabayidwa kwa mayi woyembekezera amene magazi ake akuthamanga kwambiri kufikira kukomoka. Tsopano dzina lomweli likumvekanso m'nkhani za madokotala a mafupa, ndipo kwa iwo maginiziyamu ndi chitsulo chopangira misomali yolumikizira fupa lothyoka.

Msomali umenewu uli ndi khalidwe lachilendo: fupa likamapola, iwo umatha pang'onopang'ono mpaka kuzimiririka. Wolemba buku la sayansi, mkonzi wa nyuzipepala ndi womasulira kalata imene wodwala amasayina povomereza opaleshoni, onsewa afunika mawu onenera khalidwe limeneli. Mawu amene amabwera msanga pakamwa, monga kusungunuka ndi kuchita dzimbiri, ndiwo amene amasokeretsa.

Kalembedwe ka dzina ndi gulu lake

Dzinali linachokera ku dera la Magnesia m'dziko la Greece, ndipo chitsulo chake anayamba kuchipatula ndi Humphry Davy wa ku England m'chaka cha 1808. Polilemba m'Chichewa anthu amasiyana: ena amati magineziyamu, ena maginesiyamu, ena maginiziamu. Zinthu ziwiri n'zosachita kukambirana. Malembo opanda liwu a g ndi n sangagundane motero m'phatikizo la Chichewa, choncho pamalowa i. Ndipo pakati pa i ndi a kumapeto pamalowa y, monga momwe zilili mu sodiyamu ndi aluminiyamu. Mkangano uli pa phatikizo lachitatu. Wolemba ne akutsata diso, ndiye kuti kalembedwe ka Chingerezi. Wolemba ni akutsata khutu. Mawu obwereka amene anakhazikika kale, monga sukulu, sitolo, supuni ndi kashiyamu, anatsata khutu, ndipo palibe chifukwa chakuti dzina ili lipatuke. Zoonadi liwu lakuti ayironi linalowera ku diso, pakuti Mngerezi satchula r wake, koma limenelo linazika kale mizu ndipo kulizula kungakhale kutaya nthawi.

Msampha wina uli pa gulu la dzina. Kaamba kakuti limayamba ndi ma, lilime limafuna kuliika pamodzi ndi madzi, mafuta, machesi ndi makina, n'kumati maginiziyamu ambiri kapena maginiziyamu amenewa. Vutoli limabisala chifukwa pa mneni mgwirizanitsi wake ndi mmodzi: chiganizo chakuti maginiziyamu amapepuka chimamveka bwino m'magulu onse awiri. Koma abale ake onse ali m'gulu la Mu-A: aluminiyamu wopepuka, kashiyamu wambiri. M'buku limene zitsulo zandandalikidwa pa tsamba limodzi sikungakhale kwanzeru kuti chimodzi chokha chikhale ndi agwirizanitsi akeake. Motero n'koyenera kulemba maginiziyamu wambiri, maginiziyamu ameneyu.

Chifukwa chake nkhaniyi ikukhudza anthu a ku Nsaru ndi ku Nambuma

Kuthyoka mafupa si nkhani yachilendo kumidzi ya kumadzulo ndi kumpoto kwa boma la Lilongwe. Njinga zamoto za kabaza, ngolo, ngozi za pa msewu wa ku Mchinji ndi ana ogwa m'mitengo nyengo ya mango zimadzaza mabedi. Ambiri mwa ovulala amathandizidwa popanda opaleshoni, ndipo amene amagwira ntchito yaikulu ndi madokotala othandizira a za mafupa, omwe maphunziro awo anayamba m'dziko muno m'chaka cha 1985. Chichewa chili nalo kale liwu labwino la chida chawo chachikulu, chikhakha. Wothyoka fupa la ntchafu amatha kugonekedwa masabata 6 kapena kuposerapo, mwendo uli womangiriridwa ku zolemera kuti ukokeke. Amene afunika opaleshoni yaikulu amatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital, kumene m'chaka cha 2023 kunatsegulidwa chipatala cha mafupa ndi ubongo chotchedwa Lilongwe Institute of Orthopaedics and Neurosurgery. Kumeneko n'kumene anthu amati wakutiwakuti anamuika chitsulo. Misomali yaitali ya bungwe la SIGN, limene Lewis Zirkle analiyambitsa ku America m'chaka cha 1999, yathandiza Amalawi ambiri kudzuka pabedi msanga, ndipo ndi ya chitsulo chosachita dzimbiri.

Chitsulo chotere sichitha. Kawirikawiri chimasiyidwa m'thupi moyo wonse popanda vuto, koma chikamapweteka, chikachita mafinya, kapena chikakhala mwa mwana amene mafupa ake akukulabe, pamafunika opaleshoni yachiwiri yochichotsa. Kwa mlimi wa ku Mpingu opaleshoni yachiwiri ndi ndalama zoyendera, womudikirira kuchipatala, ndi masiku otayika mwina pakati pa dzinja. Kwa chipatala ndi nthawi imene akanathandizidwa wovulala wina. Apa ndi pamene pagona phindu la msomali wotha wokha.

Chitsulo, ayironi ndi kulimba

Liwu lakuti chitsulo limayenderana ndi mneni kusula, ndipo kwa makolo linkanena chimene ankachiyenga m'ng'anjo n'kusulira makasu ndi nkhwangwa. Mkuwa ndi mtovu zinali ndi mayina awoawo. Lero liwuli lasenza katundu wawiri: ndi dzina la mtundu wonse wa zitsulo, komanso la chitsulo chimodzi chija cha khasu. M'zolemba za sayansi n'kothandiza kusiya chitsulo kuti likhale dzina la mtundu wonse, ndipo cha khasu chizitchedwa ayironi pamene pafunika kusiyanitsa. Popanda kutero, womva zakuti maginiziyamu ndi chitsulo amaganiza za chinthu cholemera chimene chimafiira ndi dzimbiri, pamene maginiziyamu sali choncho.

Kupepuka kwake n'kodabwitsa. Kachidutswa kake ka sentimita imodzi m'litali, m'lifupi ndi mumsinkhu kamalemera magalamu 1.74, pamene fupa lolimba la kukula komweko limalemera pafupifupi magalamu 2, tayiteniyamu magalamu 4.5, ndipo chitsulo chosachita dzimbiri pafupifupi magalamu 8. Tayiteniyamu ameneyu, yemwe ndi chitsulo china chodalirika cha madokotala a mafupa, si mlendo kwenikweni kuno: mwala wa rutile umene wapezeka wochuluka m'dera la Kasiya, m'boma lomweli la Lilongwe, ndi umodzi mwa miyala imene amamuyengamo. Chinanso, maginiziyamu ndi wa m'nyumba momwemo. Thupi la munthu wamkulu lili ndi magalamu ake pafupifupi 25, oposa theka ali m'mafupa, ndipo tsiku lililonse limafuna mamiligalamu a pakati pa 310 ndi 420. Wotsala amachotsedwa ndi impso kudzera mumkodzo.

Tsono pali liwu lakuti kulimba, limene womasulira ayenera kuchenjera nalo koposa. M'Chichewa chingwe chosaduka n'cholimba, mtengo wosapindika ndi wolimba, nsalu yosatha msanga nayonso ndi yolimba. Akatswiri a zitsulo amasiyanitsa zitatuzi, ndipo nkhani ya maginiziyamu singamveke zikaphatikizidwa. Kulimba kungasungidwire mphamvu yokana kuthyoka. Kukana kupindika kutchedwe kusapindika. Kukana kutha kutchedwe kukhalitsa.

Pa kusapindika ndi pamene maginiziyamu amapambana anzake, ndipo amapambana mwa kuchepa. Pa muyeso umene akatswiri amautcha gigapascal, fupa lolimba limapezeka pakati pa 10 ndi 30, maginiziyamu pafupifupi 45, tayiteniyamu pafupifupi 110, chitsulo chosachita dzimbiri pafupifupi 200. Munthu angaganize kuti chosapindika kwambiri ndicho chabwino, koma fupa ndi chinthu chamoyo chimene chimakula molingana ndi katundu amene chikusenza. Likamangiriridwa ku chitsulo chosagwedera n'komwe, chitsulocho chimasenza katundu yense, ndipo fupa, posowa ntchito, limayamba kupyapyala ndi kufooka. Zili ngati ng'ombe ziwiri pa goli limodzi, ina ikukoka yokha, inzake ikungotsatira. Maginiziyamu amagawana katundu ndi fupa, ndipo pamene iye akutha, fupa limanka litenga gawo lalikulu. Wolemba amene angamasulire zonsezi ndi mawu akuti maginiziyamu ndi wosalimba wanena zoona pang'ono, koma wabisa mfundo yeniyeni ndipo waopseza wodwala.

Momwe amathera

Maginiziyamu akakhudzana ndi madzi amasanduka zinthu ziwiri: ufa woyera umene pambuyo pake umasungunuka m'madzi a m'thupi, ndi mpweya wa hayidirojeni. Mchere wa m'magazi, womwe ndi wa mtundu umodzi ndi wa m'ndiwo, umafulumizitsa ntchitoyi. Galamu imodzi ya maginiziyamu imatulutsa mpweya wotsala pang'ono kukwana lita imodzi. Msomali waung'ono sufika galamu, ndipo mpweya ukamatuluka pang'onopang'ono thupi limauchotsa. Koma ukatuluka mothamanga umasonkhana pansi pa khungu n'kutupitsa malowo.

Madokotala anaphunzira zimenezi movutikira. Edward Huse anagwiritsa ntchito waya wa maginiziyamu pomanga mitsempha yotaya magazi m'chaka cha 1878, ndipo Erwin Payr wa ku Austria anayesa timachubu take polumikiza mitsempha cha m'ma 1900. Kumayambiriro kwa zaka zomwezo Albin Lambotte wa ku Belgium anaika chitsulo chaphanthiphanthi cha maginiziyamu pa fupa la mwendo, n'kuchimanga ndi misomali ya chitsulo wamba. Mwendo unatupa ndi mpweya, ndipo patangotha masiku 8 chitsulo chija chinali chitawonongeka. Cholakwika chinali kukhudzanitsa zitsulo ziwiri zosiyana m'madzi amchere. Zikatero zimagwira ntchito ngati batire, ndipo chimodzi chimadyeka msanga kuti chinzake chipulumuke. Ndi nzeru yomweyi imene imateteza malata a padenga: zinki wokutira pamwamba ndiye amadyeka, ayironi wam'kati n'kutsala. Pa mwendo uja wodyekayo anali maginiziyamu. Zitsulo zosachita dzimbiri zitafala, madokotala anamusiya kwa zaka zambiri.

Chimene chinamubweza ndi luso loyenga ndi kusakaniza. Zinadziwika kuti tizidutswa ta ayironi, mkuwa ndi nickel totsalira m'kati mwake ndi timene timamudyetsa msanga, choncho tiyenera kuchotsedwa. Ndiponso kuti kuthiramo zitsulo zina pang'ono kumamulimbitsa ndi kuchedwetsa kutha kwake. Chotulukapo ndicho Angerezi amachitcha alloy. Palibe chifukwa chobwerekera liwu limeneli. Msakanizo wa zitsulo ndi mawu omveka, malinga afotokozedwe kamodzi kuti zitsulozo zimasakanizidwa zili zosungunuka pamoto n'kuuma pamodzi kukhala chitsulo chimodzi, osati monga mpunga ndi nyemba zimene munthu angathe kuzisankhanso. Misakanizo ina imakhala ndi kashiyamu ndi zinki, zomwe thupi limazidziwa kale. Ina imakhala ndi yttrium, zirconium ndi zitsulo za gulu lotchedwa rare earth, gulu limene miyala yake imapezekanso ku Kangankunde m'boma la Balaka ndi ku Songwe m'boma la Phalombe.

M'chaka cha 2013 msomali wamazinga wotchedwa MAGNEZIX, wa kampani ya Syntellix ya ku Hannover m'dziko la Germany, unaloledwa kugwiritsidwa ntchito ku Ulaya. Dziko la South Korea linavomereza wake wotchedwa K-MET mu 2015. Mu 2016 kunaloledwa Magmaris, kachubu kolukidwa kotsegulira mitsempha ya mtima, ka kampani ya Biotronik, ndipo mu 2023 boma la America linavomereza msomali wa RemeOs wa kampani ya Bioretec ya ku Finland. Misomali yotereyi imagwira fupa m'miyezi imene likupola, n'kutenga zaka ziwiri kapena zitatu kuti itheretu.

Mkonzi asatengeke ndi mndandanda umenewu. Misomaliyi ndi ing'onoing'ono, ya mafupa a phazi, kakolo ndi dzanja. Sinalowe m'malo mwa msomali wautali wa m'fupa la ntchafu umene umasenza thupi lonse, ndipo kuthyoka kwa ntchafu ndi msongolo ndiko kumagoneka anthu ambiri m'zipatala za kuno. Kwa munthu wa impso zofooka madokotala amachenjeranso, popeza impso ndizo zimachotsa maginiziyamu wotsala. Mutu wa nkhani wakuti opaleshoni yochotsa chitsulo yatha ungakhale bodza.

Mneni woyenera

Funso lalikulu ndi lakuti: kodi msomali umenewu umatani m'thupi? Mneni woyamba kubwera ndi kusungunuka. Vuto lake n'lakuti m'Chichewa limanena zinthu ziwiri, za shuga m'madzi ndi za mafuta pamoto. Ponena za chitsulo, khutu limamva tanthauzo lachiwiri, pakuti chitsulo chimasungunuka m'ng'anjo. Ndipo maginiziyamu amasungunuka pa madigiri 650. Wodwala wouzidwa kuti chitsulo chidzasungunuka m'mwendo mwake ali ndi chifukwa chofunsira kuti chidzatentha bwanji ndipo madzi ake adzapita kuti. Ngakhale tanthauzo loyamba silikwanira, chifukwa shuga wosungunuka amakhalabe shuga, pamene maginiziyamu amayamba wasanduka chinthu china.

Kuchita dzimbiri kuli pafupi ndi zimene sayansi ikunena, koma dzimbiri ndi la ayironi, lofiira, ndipo m'maganizo a anthu limayenda pamodzi ndi msomali wolasa phazi ndi matenda a kafumbata. Kuola nako n'kwa zinthu zamoyo, ndipo m'chipatala kuola kwa mwendo ndi mawu otsogolera kudula. Aneni awiriwa ndi osayenera kufika pa khutu la wodwala.

M'buku la sayansi mneni wabwino ndi kudyeka. Uli mumsintho wochitidwa m'chibisira, choncho sutchula wodya, ndipo umanena za kutha kochokera kunja kulowa m'kati, monga limadyekera khasu kapena sopo. Umu ndi momwedi msomali umathera. Ubwino wake wina n'kuti ungagwire ntchito pa zitsulo zonse, dzimbiri n'kukhala mtundu umodzi chabe wa kudyeka. Koma kudyeka kumamveka ngati kuwonongeka, pamene apa kuthako n'kochita kufuna. Poyankhula ndi wodwala pali chitsanzo chimene amayi ambiri obereka mwa opaleshoni amachidziwa, ulusi wosokera chilonda umene suchotsedwa chifukwa umatha wokha. Kuchokera pamenepa dzina loyenera ndi chitsulo chothera m'thupi, ndipo chinzake chija chosatha chizitchedwa chitsulo chokhalira m'thupi. Mawu awiriwa ali mumsintho umodzi womchitira, amayenda bwino pamodzi, ndipo sasowa kutanthauzira.

Kusiyanitsa kumeneku si kokometsera chabe. Mbiri ya chitsulo chotha chokha ikafika kumudzi popanda dzina lakelake, munthu amene ali ndi waya kapena msomali wokhalira, woyenera kukachotsedwa pa tsiku limene anauzidwa, angathe kukhala pakhomo poganiza kuti wakenso utha wokha.

Nanga dzina la mtundu wonse wa zinthu zoikidwa m'thupi, limene pa Chingerezi ndi implant? Kulibwereka n'kosatheka, chifukwa linabwerekedwa kale. Kwa mayi wa ku Kabudula impulanti ndi njira yolera ya pamkono, ndipo palibe buku limene lingasinthe zimenezo. Dokotala wouza bambo wothyoka kakolo, kapena mayi wa mwana wothyoka mkono, kuti aikidwa impulanti, wadzala mphekesera imene idzavuta kuizula. Mawu akuti choikidwa m'thupi akwanira pa mtundu wonse, ndipo pa za mafupa anthu anasankha kale okha liwu lakuti chitsulo. Chofunika ndi kungoliwonjezera mfotokozi.

Mpweya uja nawo uli ndi msampha wake. Liwu lakuti mpweya limanena wopuma, wa m'mimba ndi wa m'tayala, ndipo kumva kuti m'fupa muli mpweya kumadzetsa mantha. Pa chithunzi cha X-ray msomali wa maginiziyamu suoneka wowala ngati wa chitsulo chosachita dzimbiri, ndipo m'miyezi yoyambirira pamatha kuoneka mthunzi wakuda mozungulira. Kwa amene anazolowera zitsulo zokhalira, mthunzi wotere ndi chizindikiro cha mafinya kapena cha msomali wogwedera. Kwa maginiziyamu nthawi zambiri ndi hayidirojeni amene amachoka yekha. Wodwala woikidwa msomali m'tauni kapena kunja kwa dziko akadzajambulidwa ku Namitete, wowerenga chithunzicho adzadalira zimene zalembedwa m'buku lake la kuchipatala. M'menemo muyenera kulembedwa kuti chitsulocho n'chothera m'thupi, cha msakanizo wa maginiziyamu, ndi tsiku limene chinaikidwa, ndipo wodwalayo auzidwe kuti kutupa pang'ono kopanda kutentha thupi kungachitike, koma kutupa kofiira, kopweteka kapena kotuluka mafinya n'kofunika kupita nako kuchipatala tsiku lomwelo.